BISHOPU MACKENZIE WA KU MAGOMERO, MUNTHU AMENE MULUNGU ANAMUYESA

Abale okondedwa a m'dziko la Mfumu Mkhumba, ife okhala patsinde pa Mulanje ndi Michesi tadziwa ciyeso ndi maso athu. Akulu akumbukira Napolo wa mu Malichi 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri ndi kukokolola midzi ya ku Phalombe. Ndipo ngakhale ana akumbukira namondwe uja Freddy wa mu Malichi 2023, amene anagwetsa nyumba, nakwirira minda, natenga abale athu ambiri. Masiku otere Mkristu afunsa mumtima mwace ngati Mulungu ali kupenyabe, kapena watembenuza nkhope yace. Cifukwa cace mwezi uno tikusimbirani mbiri ya munthu amene anadza kudziko lino ndi Uthenga Wabwino, nayesedwa kolimba, namwalira asanaone zipatso za nchito yace.

Ubwana wace ndi kuitanidwa kwace

Charles Frederick Mackenzie anabadwa pa 10 Epulo 1825 ku Portmore, m'dziko la Scotland, ndipo anali mzime m'banja la ana ambiri. Atate wace anamwalira iye ali ndi zaka 5, ndipo mlongo wace wamkulu ndiye anamlera. Mulungu anampatsa nzeru zambiri, kotero kuti m'caka ca 1848 anakhala waciwiri mwa onse pa mayeso a masamu m'sukulu yaikulu ya Cambridge. Pomwepo anakhala mphunzitsi, nadzozedwanso unsembe, ndipo akadafuna akadakhala komweko masiku ace onse, wolemekezeka ndi wosasowa kanthu. Koma m'caka ca 1855 anasiya zonsezo, napita ku Natal pamodzi ndi Bishopu Colenso, nagwira nchito kumeneko zaka 4. Ici ndico ciyeso cace coyamba, ca mtendere ndi ulemu; pakuti Mulungu sayesa munthu ndi masautso okha iai, amuyesanso ndi zokoma.

M'caka ca 1857 David Livingstone analankhula ku Cambridge, nadandaulira ophunzira kuti atumize aphunzitsi kudziko losautsidwa ndi malonda a akapolo. Mu Epulo 1859 iye yemweyo anafika ku Nyanja ya Chilwa, napenya phiri lathu la Mulanje, nayesa kuti dziko lamapiri lino liyenera Misyoni. Tsono m'caka comweco Mackenzie anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa nchitoyo, ndipo pa 1 Januwale 1861 anadzozedwa ubishopu ku Cape Town.

Pa mudzi wa Mbame ndi pa Magomero

Anakwera Zambezi ndi Shire m'sitima ya Livingstone yochedwa Pioneer, imene inatitimira pa mcenga kawiri kawiri, ndipo Bishopu anakoka nao zingwe monga wa nchito wamba. Mu Julaye 1861 anafika kwa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa, nayamba kukwera mapiri pansi, Bishopu atanyamula ndodo yace ya ubusa m'dzanja limodzi ndi mfuti m'dzanja lina.

Pa 16 Julaye, ali kupumula pa mudzi wa Mbame, unafika ulendo wa akapolo, amuna ali m'magoli, akazi ndi ana atamangidwa ndi zingwe. Oyendetsa ulendowo anathawa, ndipo Livingstone ndi anthu ace anadula magoli, namasula anthu 84. Bishopu anali kumtsinje kukasamba, ndipo pobwera anapeza kuti Mulungu wampatsa nkhosa asanamange khola. Pakati pa omasulidwa a masiku amenewo panali anyamata awiri, Chuma ndi Tom Bokwito. Sungani maina awa, pakuti tidzakomana naonso.

Mfumu Chigunda inawapatsa malo pa Magomero, pa mtsinje wa Namadzi. Pomwepo Bishopu ndi anzace, Procter, Scudamore, Rowley ndi Waller, anamanga nyumba za udzu, nadyetsa amasiye, natsuka zilonda zao, nayamba kuphunzira cinenero ca Amang'anja. Anthu anamdziwa Bishopu monga munthu wofatsa, wonyamula ana odwala pa mapewa ace, wosanyansidwa ndi nchito iri yonse.

Ciyeso ca mfuti

Koma dziko linali pa nkhondo. Ayao anali kufika kucokera kum'mawa, atapitikitsidwa kwao ndi nkhondo ndi njala, ndipo analimbana ndi Amang'anja. Mafumu a Amang'anja anadza kwa Bishopu ndi kumpempha kuti awathandize ndi mfuti zace. Apa panali ciyeso cobvuta ndithu: akakana, anthu omkhulupirira adzagwidwa, akabvomera, mthenga wa mtendere adzakhetsa mwazi. Iye anayamba wapangana nao kuti aleke kugula ndi kugulitsa anthu, ndipo atatero anabvomera, natsogolera nkhondo mu Ogasiti 1861, natentha misasa ya Ayao. Pambuyo pace a Misyoni anazindikira kuti mlandu sunali wa mtundu umodzi wokha, popeza Amang'anja ena anagulitsanso anthu, ndipo Ayao ambiri anali osauka ofuna pokhala. Akristu ambiri a ku England anamtsutsa Bishopu pa cinthu ici.

Sitibisa colakwa ici, abale, pakuti Buku Lopatulika silinabise zolakwa za Mose kapena za Davide. Diso la Mulungu lipenya misozi ya atumiki ace, lipenyanso kupunthwa kwao. Munthu wacifundo akhoza kusokera ndi cifundo cace comwe, akafulumira kuweruza atamva mbali imodzi.

Ulendo wotsiriza

Livingstone anapangana ndi Bishopu kuti akakomane pa 1 Januwale 1862 pa mathiriro a Ruo, mtsinje uja wotsika m'phiri la Mulanje, kuti akalandire mlongo wace wa Bishopu, Anne, ndi mkazi wa Burrup, wansembe wina amene anali atafika catsopano. Mu Disembala 1861 Procter ndi Scudamore anatumidwa kukafuna njira ya kumtunda yonka ku Ruo. Koma pa mudzi wa Manasomba, kufupi ndi Mulanje, anawalanda katundu, nagwira ena a amtengatenga ao, ndipo iwo anapulumuka mobvutika. Bishopu ananyamuka kukalanga mudziwo, nautentha. Ulendo umenewu unamtayitsa masiku ndi mphamvu, mvula iri kugwa, mitsinje itadzala, ndipo tsiku la pangano linapitirira.

Pamenepo iye ndi Burrup anatsikira kwa Chibisa, onse awiri ali odwala m'mimba, nalowa m'bwato pa Shire. Usiku wina bwato lina linagubuduzika, ndipo mankhwala ao onse, ndi kwinini yemwe wa malungo, anatayika m'madzi. Pofika pa cisumbu ca Malo, pa mathiriro a Ruo, anamva kuti Livingstone anapita kale masiku owerengeka apitawo. Akadabwerera kukatenga mankhwala ena. Koma Bishopu anasankha kulindira mlongo wace pomwepo, nafunanso kupalana ubwenzi ndi mfumu ya pa cisumbupo cifukwa ca nchito ya m'tsogolo. Malungo anamgwira, mphamvu zace zinatha tsiku ndi tsiku, ndipo pa 31 Januwale 1862 anamwalira, ali ndi zaka 36, atakhala bishopu caka cimodzi ndi mwezi umodzi.

Burrup, wodwala yekha, pamodzi ndi Amakololo amene anali nao, anaolotsa mtembo, nakumba manda m'thengo kufupi ndi kumene kuli Chiromo lero, nacita mapemphero a maliro kuli kuda. Anamnyamula Burrup kunka ku Magomero, ndipo iyenso anamwalira mu Febuluwale. Akazi awiri aja anakwera Shire ndi ciyembekezo, napitirira manda osadziwa, namva za imfa ya Bishopu atafika kwa Chibisa. Pa 27 Epulo Mary, mkazi wa Livingstone, amene anadza nao m'ngalawa imodzi, anamwalira ku Shupanga.

Masautso sanalekere pomwepo. Otsala anacoka ku Magomero natsikira kwa Chibisa. Cilala ndi njala yoopsa zinagwa m'dziko m'zaka za 1862 ndi 1863. Scudamore ndi sing'anga wao Dickinson anamwalira. Ndipo Bishopu Tozer, wolowa m'malo mwa Mackenzie, anacotsa Misyoni, napita nayo ku phiri la Morambala, ndi m'caka ca 1864 ku Zanzibar. Munthu wopenya ndi maso a thupi akadati nchito yonse yafera m'mazira, ndi kuti Mulungu sanasamale.

Cimene Mulungu anali kupenya

Tsono kumbukirani anyamata awiri aja. Chuma anatsata Livingstone m'maulendo ace otsiriza, ndipo pamene Livingstone anamwalira kwa Chitambo m'caka ca 1873, Chuma ndi mnzace Susi anatsogolera anthu amene ananyamula mtembo wace miyezi yambiri kufikira kunyanja ya mcere. Maliro amenewo, pofika ku London mu Epulo 1874, anautsa mitima ya Akristu a ku Scotland, ndipo anatumiza Misyoni ya Livingstonia m'caka ca 1875 ndi ya Blantyre m'caka ca 1876. Ndipo pamene Henry Henderson anayendayenda kufuna malo a Blantyre, womasulira mau amene anayenda naye anali Tom Bokwito, amene anatengedwa kunka kumwera naphunzira ku Lovedale. Kucokera ku Blantyre Uthenga unafika ku Mulanje ndi kumidzi ya m'cigwa cino. A Misyoni ya Mackenzie anabweranso, nakhazikika pa Likoma m'caka ca 1885. Ndipo m'caka ca 1893 linga la Fort Lister linamangidwa pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, kutseka njira imene akapolo anali kupitamo kunka ku Quelimane.

Mackenzie sanaone kanthu ka zonsezi. Iye anaona bwato logubuduzika, ndi malungo, ndi pangano losakwanira. Koma Mulungu, amene saodzera kapena kugona, anapenya ana awiri osauka pa tsiku limene magoli anadulidwa, nadziwa nchito imene adzawapatsa patapita zaka khumi ndi mphambu.

Phunziro lathu

Coyamba, tisayese kuti tsoka liri lonse ndi cilango. Sitinena kuti Bishopu anafa cifukwa ca mudzi umene anautentha. Kuweruza kumeneko nkwa Mulungu yekha. Ambuye Yesu anakaniza ophunzira ace maganizo otere pa nkhani ya munthu wobadwa wosaona, ndi pa nkhani ya anthu amene nsanja ya Siloamu inawagwera. Momwemonso amene anatengedwa ndi madzi sanali ocimwa koposa ife otsala, ndipo asapezeke Mkristu woloza cala mkazi wamasiye kapena nkhalamba ya pamudzi, kunena kuti ndiye anaitana tsokalo.

Caciwiri, Mulungu ayesa kuti ayeretse, si kuti aononge iai. Mai wopeta mpunga wa ku Chilwa auponya m'mwamba ndi kuugwedeza m'licero, koma maso ace sacoka pa licerolo, ndipo cimene afuna kutaya ndi mankhusu okha. Yobu sanadziwe cifukwa ca masautso ace, Yosefe sanadziwe kumene dzenje lija lidzamfikitsa, koma onse awiri anali m'licero la Mwini wao.

Cacitatu, diso lomwelo lotisunga litipenyanso m'tseri. Lipenya wogawa cimanga ca thandizo ngati alemba maina a abale ace okha. Lipenya wosuntha malire a munda wa mwana wamasiye madzi atafafaniza zizindikiro. Lipenyanso mai wosauka wogawira mnansi wace ufa wotsiriza, popanda womuona. Nthawi ya njala ndi ya cigumula ndiyo nthawi imene za mumtima zionekera poyera.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kapena inu mphunzitsi wa kumudzi, kapena inu mkulu wa Mpingo, kapena inu mai wolera ana a mbale wanu amene anapita, mwatopa, ndipo simuona cipatso ca kubvutika kwanu. Kumbukirani manda aja a m'thengo la ku Chiromo, pamene Livingstone anaimika mtanda m'caka ca 1863, nchito yonse iri ngati yatha. Gwirani khasu limene mwapatsidwa, lapani pamene mwalakwa, ndipo zokolola muzisiye m'manja mwa Iye amene apenya usana ndi usiku.

Ambuye akusungeni nonse m'ciyeso, kufikira tsiku limene tidzadziwa monga tadziwidwa.