John Newton: mnyamata amene anayamba kupemphera sitima ikumira

Anzanga, nyimbo ya Amazing Grace ambiri mwaimvapo, kaya kutchalitchi, pamaliro kapena pa foni basi. Koma kodi amene anailemba mukumudziwa? Dzina lake ndi John Newton, Mngelezi amene anamwalira zaka zoposa 200 zapitazo. Mukamva kuti anali mbusa, mwina muganiza za mkulu wofatsa amene anakulira m'kwaya. Ayi ndithu. Uyu anali mnyamata wovuta, wapakamwa poipa, amene anayamba kuitana Mulungu ali pakati pa nyanja ya Atlantic madzi atadzaza sitima. Ndipo ngakhale anapulumuka, kusintha kwake kunatenga zaka zambiri. Mbali imeneyi ndiyo ndikufuna muimvetse bwino.

Newton anabadwira ku London mu 1725. Mayi ake anali opemphera, ndipo anamuphunzitsa kuwerenga Baibulo akadali wamng'ono zedi. Mwatsoka anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1732, mwana wawo atatsala masabata awiri kuti akwanitse zaka 7. Bambo ake anali kaputeni wa sitima zamalonda, choncho pa zaka 11 John anayamba kuyenda nawo panyanja. Zimene mayi ake anamuphunzitsa zija zinayamba kufufutika, mpaka anafika pomaseka anzake amene ankakhulupirira Mulungu.

Mu 1744 anagwidwa mokakamiza n'kulowetsedwa m'gulu la asilikali apanyanja, pa sitima yankhondo yotchedwa HMS Harwich. Masiku amenewo boma la Britain linkachita zimenezi likasowa amalinyero. Mnyamatayu anayesa kuthawa, koma anamugwira, n'kumukwapula pamaso pa anzake onse ndi kumutsitsa udindo. Kenaka anamusamutsira pa sitima yopita kumadzulo kwa Africa kukagula akapolo. Kumenekonso sanakhale bwino ndi anthu, moti mu 1745 anatsala ku gombe la Sierra Leone, n'kuyamba kugwira ntchito kwa wamalonda wina wa akapolo pa zilumba za Plantain.

Apa zinthu zinamuvuta. Anadwala malungo, bwana wake atachoka mkazi wa bwanayo ankamumana chakudya, mpaka usiku ankazula mizu m'munda n'kudya yosaphika. Mukudziwa amene ankamupatsako chakudya mobisa? Akapolo omangidwa maunyolo, anthu amene iye anabwera kudzathandiza kuwagulitsa. Mfundo imeneyi muisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Bambo ake anapempha akaputeni a sitima kuti amufufuze, ndipo mu 1747 sitima yotchedwa Greyhound inamupeza. Iyi inkagula golide, minyanga ya njovu, phula la njuchi ndi mitengo. Inazungulira gombe la Africa pafupifupi chaka chathunthu isanayambe ulendo wobwerera kwawo kumayambiriro kwa 1748. Newton anali mlendo chabe m'sitimamo, ntchito analibe, ndiye nthawi ankaithera potukwana ndi kunyoza Mulungu, moti ngakhale amalinyero anzake ankadabwa naye. Pofuna kutaya nthawi anatola buku la Thomas à Kempis lonena za kutsanzira Khristu. Akuwerenga, funso linamubwerera: nanga zimenezi zitakhala zoona? Anatseka bukulo n'kukagona.

Usiku wa pa 10 Malichi 1748, malinga ndi kalendala ya nthawi imeneyo, anadzidzimuka madzi akulowa m'chipinda chake. Namondwe anali atang'amba mbali ina ya sitima. Akuthamangira pamwamba, kaputeni anamubweza kuti akatenge mpeni. Munthu amene anakwera m'malo mwake anakokoloka ndi funde pomwepo, osaonekanso. Taganizani, Newton kusambira sankatha, ngakhale anakulira panyanja. Chimene chinathandiza kuti sitimayo isamire msanga ndi katundu uja, poti phula ndi mitengo zimayandama.

Anthu anayamba kupopa madzi ndi kutseka mabowo ndi zovala ndi zofunda zawo. Newton anapopa kuyambira mbandakucha mpaka masana, atamangidwa chingwe m'chiuno kuti mafunde asamutenge. Pa nthawi imeneyi, akulankhula ndi kaputeni, pakamwa pake panatuluka mawu opempha chifundo cha Ambuye. Mwiniwake anadabwa, chifukwa panali patapita zaka asananene mawu otere mochokera pansi pa mtima. Atatopa kupopa anamuika pa chiwongolero mpaka pakati pa usiku, ndipo maola onsewo ankasinkhasinkha za moyo wake ndi mavesi amene mayi ake anamuphunzitsa. Funso lomuvuta linali loti: kodi munthu amene wanyoza Mulungu chonchi angamveredwe chifundo? Anali ndi zaka 22, msinkhu wa ambiri a ife.

Namondwe anatha, koma mavuto ayi. Ziweto zinali zitakokoloka, chakudya chambiri chitawonongeka. Anthu 12 ankagawana theka la nsomba yamchere pa tsiku, kwinaku akupopa madzi pa mphepo yozizira. Kaputeni anafika ponena kuti Newton ndi Yona, tsoka lonseli wabweretsa ndi iye, ndipo bola kumuponya m'nyanja. M'masabata amenewo Newton anayamba kuwerenga Chipangano Chatsopano, ndipo nkhani ya mwana wolowerera ya pa Luka 15 inamukhudza kwambiri. Pa 8 Epulo 1748 anafika ku Lough Swilly, kumpoto kwa Ireland, chakudya chomaliza chili pamoto. Atangokocheza, mphepo yamkuntho inayambiranso. Newton anaona kuti si mwayi chabe, koma kuti kuli Mulungu amene amamva pemphero. Sitima ikukonzedwa, iye ankapita kutchalitchi ku Londonderry, ndipo kutukwana kuja anasiya.

Ikanakhala filimu, bwenzi ikuthera pomwepa, eti? Koma mbiri yeniyeni ndi yowawa. Atafika ku Liverpool, ntchito imene analandira inali ya pa sitima ya akapolo. Anayenda ulendo umodzi ngati wachiwiri kwa kaputeni pa sitima ya Brownlow. Mu 1750 anakwatira Mary Catlett, mtsikana amene ankamukonda kuyambira kale, ndipo chaka chomwecho anakhala kaputeni. Anayenda maulendo atatu, pa Duke of Argyle ndi pa African, kunyamula anthu a ku Africa kukawagulitsa kutsidya kwa nyanja. Lamulungu ankatsogolera mapemphero a amalinyero pamwamba, pansi pa mapazi ake pali amuna, akazi ndi ana othithikana m'maunyolo. Anthu ngati aja anamudyetsa pa Plantain. Ifeyo ana a ku Africa sitingailumphe mbali imeneyi ngati kulibe. Ngakhale ntchitoyo sanaisiye chifukwa chikumbumtima chamutsutsa. Anaisiya mu 1754 chifukwa anadwala mwadzidzidzi n'kukomoka ulendo wina utatsala pang'ono kuyamba. Iye mwini pambuyo pake anavomera kuti pa nthawi ya namondwe uja anali asanakhale wokhulupirira weniweni.

Kukula kwake kunabwera pang'onopang'ono, ndipo kunadzera mwa anthu. Ku St Kitts mu 1754 anakumana ndi kaputeni wina wachikhristu, Alexander Clunie, amene anacheza naye masabata angapo, kumuphunzitsa ndi kumulimbikitsa kuti asamapemphere payekha koma apeze abale. Kuyambira 1755 anagwira ntchito yoyendera katundu wa sitima pa doko la Liverpool, kwinaku akudziphunzitsa Chigiriki ndi Chiheberi. Anapempha ubusa mu mpingo wa Anglican, n'kukanidwa kwa zaka zingapo, mpaka anadzozedwa mu 1764 ndi kutumizidwa ku tauni yaing'ono ya Olney. Kumeneko ndi mnzake William Cowper analemba nyimbo zoposa 300, zimene zinatuluka mu 1779 m'buku la Olney Hymns. Amazing Grace anailembera mapemphero a pa 1 Januwale 1773. Maimbidwe amene timawadziwa lerowa anadzaikidwa pambuyo pake ku America.

Atasamukira ku tchalitchi cha St Mary Woolnoth ku London, mu 1785 kunabwera phungu wachinyamata, William Wilberforce, amene ankaganiza zosiya ndale chifukwa chotembenuka mtima. Newton anamulangiza kuti akhalebe m'nyumba ya malamulo ndi kutumikira Mulungu momwemo. Mu 1788, patapita zaka 34 chisiyireni sitima za akapolo, Newton anatulutsa kabuku kofotokoza nkhanza zimene anaziona ndi kuzichita, akuvomera poyera kuti akuchita nazo manyazi. Kabukuko kanatumizidwa kwa aphungu, ndipo iye anakaperekanso umboni kwa akuluakulu a boma. Lamulo loletsa malonda a akapolo pa sitima za Britain linavomerezedwa mu Malichi 1807. Newton anamwalira pa 21 Disembala chaka chomwecho ali ndi zaka 82, maso atasiya kuona bwino. Moyo wake wonse, tsiku la namondwe lija ankalikumbukira chaka ndi chaka ndi pemphero.

Ndiye anzanga, titolepo chiyani? Ena mwa inu mwina munapempherapo ndi mtima wonse bwato likugwedezeka panyanja, kapena mutasochera kuphiri chifunga chitatseka njira. Pemphero la mantha si lonyozeka, Newton anayambira pomwepo. Koma musaganize kuti usiku umodzi umamaliza zonse. Munthu uyu anakhulupirira kuti Mulungu wamupulumutsa m'madzi, komabe zinamutengera zaka zambiri kuti aone kuti anthu amene ankawamanga aja ndi a Mulungu yemweyo. Pa zaka zimenezo anthu mazanamazana anavutika m'manja mwake, ndipo nthawi yawo sinabwerere. Funso ndi lakuti, mukatsika phiri kapena mukafika kumtunda, pali chiyani chimene mukuchitira mnzanu chimene mwachizolowera mpaka simuchionanso ngati cholakwa? Chimenecho musachidikirire zaka 34.