Paul Ngozi

Paul Ngozi (1949–1989), dzina lake lenileni Paul Dobson Nyirongo, anali woyimba komanso katswiri pa gitala wa ku Lusaka, m'dziko la Zambia. Anatchuka m'zaka za m'ma 1970 ndi chamba cha Zamrock.

Atayimba m'magulu angapo a mu Lusaka, analowa gulu la Musi-O-Tunya, lomwe panthawiyo linkayimba ku Nairobi, m'dziko la Kenya. Atabwerera kwawo anayambitsa gulu lakelake la Ngozi Family, lomwe linatulutsa zimbale monga Day of Judgement (1976) ndi 45,000 Volts (1977). Nyimbo zake, za m'Chinyanja ndi Chingerezi, zinkakamba za mavuto a m'makomboni.

Mu 2024 woyimba wa ku America, Tyler, the Creator, anagwiritsa ntchito mbali ya nyimbo yake, Nizakupanga Ngozi, m'nyimbo yotchedwa Noid.