MBIRI YA KAZEMBE NORTHEY NDI AMTENGATENGA ACE

M'midzi yathu yino ya Ntcheu akalipo anthu amene anamva kwa makolo ao za Nkhondo ya Ciwaya, ndiyo nkhondo yaikuru ya 1914 kufikira 1918, imene anaicha dzina la mfuti ija yolira kosapuma. Koma ali owerengeka odziwa dzina la Mzungu amene anatsogolera nkhondoyo kuno kwathu. Mwezi uno tifuna kukufotokozerani mbiri yace, pakuti m'kati mwa ulemu umene iye analandira muli gawo la makolo athu.

Dzina lace ndiye Edward Northey. Anabadwa ku Mangalande m'caka ca 1868, mwana wa mbusa. Anaphunzira pa sukulu ya Eton, napita ku Sandhurst kumene aphunzitsa akuru a asilikari, ndipo mu 1888 analowa gulu lochedwa King's Royal Rifle Corps. Anayamba kuona nkhondo m'mapiri a ku malire a India mu 1891, namenyanso nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ku South Africa. Pobuka nkhondo yaikuru mu 1914 anaoloka ndi gulu lace kunka ku France, kumene analasidwa kawiri. Ndipo Mfumu George V inamlemekeza, nimuika akhale mmodzi wa akuru a asilikari oitumikira.

Masiku omwewo kuno ku Nyasaland kunalibe mtendere. Tsidya lija la mtsinje wa Songwe, m'dziko limene lero ticha Tanzania, munali Ajeremani. Ndipo mu September 1914 iwo anathira nkhondo pa Karonga, koma anabwezedwa. Boma linayamba kulemba asilikari ndi onyamula katundu. John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosati yao, ndipo mu January 1915 anaukira Boma. Kuno ku Ntcheu Filipo Chinyama anasonkhanitsa anthu kuti acite comweco, koma anagwidwa naphedwa. M'dziko lotere, la mantha ndi kukaikirana, Northey anafika kuciyambi kwa 1916, atapatsidwa ukuru pa asilikari onse a Nyasaland ndi Rhodesia.

Iye sanafulumira kumenya. Anayamba wayendera malire onse kuyambira ku Karonga kufikira ku nyanja ya Tanganyika, nakonzetsa miseu, naunjika zakudya ndi zipolopolo. Pa 25 May 1916 asilikari ace anaoloka malire: a Keyala a kuno kwathu, apolisi a ku Rhodesia, ndi Azungu a ku South Africa. Analanda boma la Ajeremani la Neu Langenburg, ndilo Tukuyu. Anagonjetsa adani pa Malangali mu July. Analowa mu Iringa pa 29 August. Ndipo mu September ena anaoloka nyanja nalanda Songea. Ngakhale anthu ace anali ocepa powalinganiza ndi khamu la Kazembe Smuts locokera kumpoto, dziko limene anatenga linali lalikuru ndithu.

Tsono tifunse: asilikari amenewa anadya ciani m'mapiri akutaliwo? Katundu wocokera kunja ankakwera pa Zambezi, nabwera pa njanji kufikira ku Limbe, napita pa magalimoto ku Fort Johnston, ndiko ku Mangochi. Pamenepo sitima za pa nyanja, monga Guendolen ndi Chauncy Maples ya amishoni, zinkamuolotsa kunka kumpoto. Koma kucokera pa doko kukwera mapiri a Livingstone kunalibe njira ya galimoto, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Cotsala cinali mutu wa munthu.

Taonani kubvuta kwace. Mtengatenga ankasenza mtolo wa mapaundi 50 kapena kuposa. Tiyese kuti adya mapaundi awiri a ufa pa tsiku. Akayenda masiku khumi kupita ndi masiku khumi kubwera, wadya mapaundi 40, ndipo cofika kwa msilikari ndi kacigawo kakang'ono. Cotero pofuna kudyetsa msilikari mmodzi panafunika onyamula ambiri, ndi enanso onyamulira onyamulawo. Asilikari akamapita patsogolo, ciwerengero ca amtengatenga cinkakula. Nzeru yaikuru ya Northey inali pamenepa, pa kulongosola miseu, zigono ndi mitolo. Ndipo pamenepanso panali cisoni ca midzi yathu.

Olemba mbiri awerenga kuti Nyasaland inapereka asilikari ngati 19,000 ndi amtengatenga ngati 200,000, pamene anthu onse a m'dziko anangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Amuna a ku Ntcheu anatengedwa monga a maboma ena. Ena anapita okha cifukwa ca ndalama ya msonkho, koma ambiri anagwidwa ndi amesenjala ndi mafumu okakamizidwa ndi Boma, ndipo ena anathawira m'mapiri ndi ku dziko la Apwitikizi. Anthu ozolowera kufunda anagona pa mphepo ya m'mapiri opanda zopfunda zokwanira. Kamwazi, cibayo ndi malungo zinapha ambiri amene sanaone mdani ndi maso. Kumudzi akazi ndi okalamba analima okha, ndipo Boma linatenganso cimanga ndi ng'ombe.

Mu November 1917 kazembe wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anaoloka Ruvuma kulowa m'dziko la Apwitikizi, ndipo magulu a Northey anamlondola kucokera ku nyanja. Koma Northey sanaone citsiriziro cace, pakuti anacoka pakati pa 1918. Ajeremani anatula mfuti ku Abercorn, ndiko ku Mbala, pa 25 November 1918. Ndipo amtengatenga pobwerera kwao anakomana ndi nthenda ya fuluwenza, imene inadzaza manda m'midzi. Caka comweco Northey anakwezedwa kukhala Major-General, nalandira dzina laulemu la Sir.

Kuyambira 1919 anakhala Bwanamkubwa wa dziko limene mu 1920 linachedwa Kenya. Kumeneko anatenga maganizo ace a pa nkhondo nalamulira nao anthu a pa mtendere. Mu October 1919 anaturutsa kalata youza akuru a maboma ndi mafumu kuti afulumize anthu kukagwira nchito m'minda ya Azungu, cinthu cofanana ndi thangata wathu uja. Amishoni ndi akuru a mipingo ku Mangalande anatsutsa kolimba, kufikira Boma la ku London linaletsa mu 1921. Mu March 1922 anamangitsa Harry Thuku, wonenera anthu akuda, ndipo apolisi anaombera khamu losonkhana mu Nairobi, nafa anthu oposa 20. Caka comweco Northey anacoka ku Kenya. Anapuma usilikari mu 1926, namwalira tsiku la Krisimasi mu 1953, ali ndi zaka 85.

Sitikana kuti anali munthu wolimba mtima ndi wanzeru pa nchito yace. Koma makolo anati mutu umodzi susenza denga. Ku Zomba kuli nsanja yokumbutsa asilikari a Keyala, ndipo dzina la Northey lili m'mabuku ambiri. Koma amtengatenga ocuruka agona m'mbali mwa njira popanda cizindikiro. Cifukwa cace tikupemphani, inu odziwa kulemba, funsani akuruakuru a pa mudzi panu maina a iwo amene anapita ndi mtolo osabweranso, ndipo muwalembe, kuti ana athu akawerenge.