Repórter X: mtolankhani amene ankapeka milandu, kenaka naloza wakupha weniweni

Pa atolankhani onse amene analembapo nyuzipepala m'Chipwitikizi, ndi ochepa amene anthu ankawawerenga mtima uli m'mwamba monga ankamuwerengera Reinaldo Ferreira, yemwe dziko lonse la Portugal linkamudziwa ndi dzina lakuti Repórter X. Bamboyu anabadwira ku Lisboa pa 10 Ogasiti 1897 ndipo anamwalira mumzinda womwewo pa 4 Okutobala 1935, ali ndi zaka 38 zokha. Ntchito yake inali kulemba za milandu: kuphana, kuba, chinyengo ndiponso chikondi chimene chathera m'magazi. Koma panali vuto limodzi. Milandu ina imene ankalemba inachitikadi, ina inkachitikira m'mutu mwake mokha, ndipo owerenga sankauzidwa kuti woona ndi uti, wopeka ndi uti.

Anayamba utolankhani ali mnyamata, m'chaka cha 1914, pa nyuzipepala ya A Capital. Masiku amenewo m'nyumba za anthu munalibe wailesi. Munthu akafuna kudziwa chimene chachitika usiku, ankagula nyuzipepala kwa anyamata ofuula m'misewu, ndipo nyuzipepala za ku Lisboa zinkalimbirana owerenga ngati ogulitsa nsomba pamsika. Amene anali ndi nkhani yoimitsa tsitsi ndiye ankagulitsa. Reinaldo anazindikira zimenezi msanga kuposa anzake.

M'chaka cha 1917 nyuzipepala ya O Século inayamba kusindikiza makalata onena za mlandu woopsa umene akuti unachitika mu msewu wa Saraiva de Carvalho, mu Lisboa momwemo. Makalatawo ankatuluka pang'onopang'ono, lero kachidutswa, mawa kachidutswa, ndipo chilichonse chinkathera pamene wowerenga akufunitsitsa kumva zambiri. Anthu ambiri anakhulupirira. Msewuwo unali weniweni, aliyense ankatha kupitako n'kukaona nyumba zake. Koma mlanduwo kunalibe. Zonse zinali zopeka za mnyamata wa zaka 19.

Njira imeneyi sanaiyambe ndi iye. Kale mu 1870, alembi awiri otchuka, Eça de Queirós ndi Ramalho Ortigão, anachitanso chimodzimodzi mu Diário de Notícias ndi nkhani yawo ya O Mistério da Estrada de Sintra, imene inasakaniza imfa ya munthu ndi chikondi chobisika. Kusiyana kwake n'kwakuti awiriwo anasewera kamodzi n'kupitiriza ntchito zina. Reinaldo analawa, chinamukomera, ndipo sanasiyenso.

Chitsanzo chimene chimakambidwa kwambiri ndi cha imfa ya pulezidenti Sidónio Pais. Mtsogoleriyu anawomberedwa ndi mfuti pa siteshoni ya sitima ya Rossio ku Lisboa, usiku wa pa 14 Disembala 1918. Reinaldo analemba ngati munthu amene anali pomwepo, nanena kuti pulezidentiyo asanatsirizike analankhula mawu osonyeza kuti akufa ndi mtima wokhazikika ndipo akupempha anthu kuti apulumutse dziko lawo. Mawuwo anali okoma, oyenera mtsogoleri, ndipo anthu anawabwereza kwa zaka zambiri. Akatswiri a mbiri yakale masiku ano amawatenga ngati mawu ochokera m'cholembera cha Reinaldo, osati m'kamwa mwa Sidónio Pais. Akuluakulu akale sanalakwe ponena kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Dziko linatuma mtolankhani kuti akalimverere, iye n'kubwera ndi zake.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, anayendayenda kunja. Anagwira ntchito ku Paris ndi ku Espanha, ndipo mwana wake wamwamuna anabadwira ku Barcelona mu 1922. Za dzina lakuti Repórter X, zimakambidwa kuti linabwera mwangozi. Mu 1923 mkulu wa asilikali Primo de Rivera analanda boma ku Espanha, ndipo Reinaldo polemba nkhani yomudzudzula sanafune kuika dzina lake lenileni. Akuti anangolemba mawu akuti Repórter n'kukhwatchapo, ndipo wosindikiza anawerenga chikhwatchocho ngati chilembo cha X. Munthu wopeka nkhani, ngakhale dzina lake limabwera ndi nthano yake.

Mu 1925 magazini ya ABC inamutuma ku Rússia kuti akalembe za mmene zinthu zinalili Lenine atamwalira. Nkhanizo zinatuluka, zodzaza ndi misewu ya Moscovo ndi anthu ake. Ambiri mwa ofufuza moyo wake amanena kuti bamboyu sanapitirire Paris, ndipo kuti Moscovo ameneyo anamulembera pa tebulo la ku França.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi yomweyo dziko lake linali ndi mlandu weniweni woposa zonse zimene iye akanapeka. Munthu wina dzina lake Alves dos Reis ananamiza kampani ya Waterlow & Sons ya ku London ndi zikalata zabodza, mpaka inamusindikizira ndalama zamapepala zokwana 200,000 za 500 escudos, zokhala ndi nkhope ya Vasco da Gama. Achikulire a kuno akulikumbukira dzina lakuti escudo, popeza ndi dzina la ndalama imene inkagwira ntchito metical isanabwere mu 1980. Ndi ndalama zimenezo Alves dos Reis anatsegula banki yake, Banco Angola e Metrópole. Chinyengocho chinaululika mu Disembala 1925. Mmodzi mwa anzake, Karel Marang, anazengedwa mlandu ku Haia, m'dziko la Holanda, ndipo Repórter X anali mmodzi mwa olemba za mlanduwo.

Koma mlandu umene unamukweza pamwamba pa anzake onse unachitika kumapeto kwa mwezi wa Malichi 1926. M'mbali mwa msewu wina wa ku Lisboa munapezeka mtembo wa mayi Maria Alves, katswiri wa zisudzo amene anthu ankamudziwa bwino. Anali atamukanyanga pakhosi. Zokongoletsera zake zamtengo wapatali panalibe, choncho maganizo oyamba a anthu ambiri anali akuti mayiyu wakumana ndi mbava usiku. Maganizo amenewa anali osavuta kuwalandira. Mzinda unali ndi akuba ambiri, ndipo mlandu wa wakuba wosadziwika suchititsa manyazi munthu aliyense wolemekezeka.

Mayiyu anali pa chibwenzi ndi Augusto Gomes, bwana woyendetsa magulu a zisudzo, munthu wodziwika ndiponso wa anzake ambiri. Bamboyu anaonetsa chisoni pamaso pa anthu monga achitira mwamuna amene wataya wokondedwa wake. Ndani akanamuloza chala?

Reinaldo sanakhutire ndi nkhani ya mbava. Iye analemba kuti mayiyo sanafere pamalo pamene anamupezapo, koma anaphedwera m'galimoto ya takisi, mtembo n'kutayidwa mumsewu pambuyo pake. Ngati zinali choncho, funso linayenera kusintha. Silinalinso lakuti ndi wakuba uti anali mumsewu umenewo, koma lakuti ndi munthu uti amene mayiyo akanalola kukwera naye galimoto usiku popanda mantha. Zolemba zake zinkaloza kwa Augusto Gomes.

Apa ndi pamene mbiri ya bamboyu imavuta kuiweruza. Analibe mboni. Chimene anali nacho ndi mutu womwe uja umene unapeka mlandu wa mu msewu wa Saraiva de Carvalho, mutu wozolowera kudzifunsa kuti munthu wofuna kupha mkazi wake n'kubisa angachite bwanji. Akanalakwitsa, akanaipitsa dzina la munthu wosalakwa amene ali pa maliro, ndipo palibe nyuzipepala imene ikanatha kumutsuka munthuyo. Komanso wowerenga amene ankakumbukira za Sidónio Pais anali ndi chifukwa chomveka chonenera kuti Repórter X wayambanso nthano zake zija.

Patapita miyezi, zinadziwika kuti sanalakwitse. Woyendetsa takisi amene ananyamula awiriwo usiku umenewo analankhula. Maria Alves anaphedwadi m'galimoto, ndipo amene anamupha anali Augusto Gomes. Bwalo la milandu linamupeza wolakwa.

Mtolankhani wina akanakhutira ndi ulemu umenewo n'kusunga dzina labwino limene wapeza. Reinaldo anatenga mlandu woonawo n'kuubwezeranso ku nthano. Analemba buku la O Táxi nº 9297, momwe anasintha mayina, nawonjezera anthu okayikitsa, chikondi ndi nsanje. Mu 1927, ali mumzinda wa Porto, anayambitsa kampani ya mafilimu yotchedwa Repórter X Film ndipo iye mwini anatsogolera kujambula filimu ya nkhani yomweyo. Inali filimu yopanda mawu, monga zinalili zonse za ku Portugal nthawi imeneyo. Chaka chomwecho anajambulanso ina yoseketsa, Rita ou Rito?, koma kampaniyo sinakhalitse.

Kulemba kokha ndiye sanasiye. Mu 1930 anayambitsa nyuzipepala yakeyake yotuluka mlungu ndi mlungu, naitcha dzina lake lomwe lija, Repórter X. Ankatulutsanso timabuku totsika mtengo ta nkhani za apolisi, akazitape ndi akazi okongola obisa zinsinsi, timene munthu ankatha kuwerenga madzulo amodzi. Zaka zimenezo nyuzipepala sizinalinso pa ufulu. Asilikali atalanda boma pa 28 Meyi 1926, nkhani iliyonse inkayamba yadutsa m'manja mwa akuluakulu a boma isanasindikizidwe, ndipo mu 1932 Salazar anakhala nduna yaikulu. Za ndale mtolankhani ankalemba akuyang'ana kumbuyo. Za mitembo ndi zinsinsi za usiku zinali ndi mpata wokulirapo, ndipo owerenga ake ankazifunabe.

Pamene dzina linkakula, thupi linkatha. Reinaldo anagwidwa ndi chizolowezi cha morfina, mankhwala amene madokotala amabaya odwala kuti aphe ululu waukulu, koma amene amamanga munthu ngati goli akayamba kuwagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Banja lake loyamba linatha. Ndalama zimene ankapeza sizinkakhala m'thumba. Anakalandira chithandizo kuti asiye, ndipo mu 1933 anatulutsa buku la Memórias de um Ex-Morfinómano, momwe anafotokoza za ukapolo umenewu. Munthu amene anapekera pulezidenti mawu omaliza, nthawi iyi analemba za chinthu chimene anachiona ndi maso ake ndi kuchimva m'mitsempha yake. Mutu wa bukulo unkanena za munthu amene anasiya morfina. Patangopita zaka ziwiri, mu 1935, anamwalira thanzi litatheratu.

Anthu a ku Portugal sanamuiwale. Mu 1986 José Nascimento anajambula filimu yotchedwa Repórter X yochokera pa moyo wake, ndipo olemba mbiri ya mabuku a milandu m'Chipwitikizi amamuika pakati pa oyambirira.

Mbali ina ya nkhaniyi inathera kuno ku Moçambique. Mwana uja anabadwira ku Barcelona, yemwenso dzina lake linali Reinaldo Ferreira, anali ndi zaka 13 pamene bambo ake ankamwalira. Mu 1941 anafika ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, ndipo anakhazikika komweko. Anagwira ntchito m'boma la atsamunda, nagwiranso ntchito ya zisudzo za pa wailesi ku Rádio Clube de Moçambique, nyumba imene inasanduka Rádio Moçambique mu 1975. Iye sanatsate milandu monga bambo ake. Ankalemba ndakatulo ndi mawu a nyimbo. Nyimbo ya Uma Casa Portuguesa, imene Amália Rodrigues anaitchukitsa m'maiko ambiri, mawu ake analemba ndi iyeyu pamodzi ndi Vasco Matos Sequeira, ndipo maimbidwe ake anakonza ndi Artur Fonseca. Ambiri oimva amaganiza kuti inabadwira ku Lisboa, chonsecho inalembedwera m'mphepete mwa nyanja ya kuno.

Mwanayu anamwalira ndi khansa ya m'mapapo pa 30 Juni 1959, ali ndi zaka 37, kutsala chaka chimodzi kuti afike msinkhu umene bambo ake anafera. Bambo ankathamangira kusindikiza chilichonse, ngakhale chimene sichinachitike. Mwana sanatulutse buku ngakhale limodzi ali moyo. Ndakatulo zake zinasonkhanitsidwa ndi anthu ena, ndipo zinasindikizidwa ku Lourenço Marques mu 1960 m'buku lotchedwa Poemas.