Paul von Lettow-Vorbeck ndi Askari Ace

Aphunzitsi amene anayendapo pa mseu wa ku Kasama anaona cikumbutso ciri pafupi ndi mlatho wa Chambeshi. Pamenepo ndi pamene kazembe wa nkhondo wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anamva pa 14 November 1918 kuti nkhondo ya ku Ulaya inali itatha masiku atatu m'mbuyomo.

Munthuyu anabadwa ku Saarlouis mu 1870. Mu 1904 anamtumiza ku South West Africa, ku nkhondo yocititsa manyazi ija imene inapulula Aherero ndi Anama, ndipo anavulala diso kumeneko. Mu 1914 anakhala mkuru wa asilikari a Ajeremani m'dziko limene lero ndi Tanzania. Anagonjetsa Angerezi ku Tanga. Koma adani atamcurukira, anaoloka Rovuma mu November 1917, nalowa m'dziko la Apwitikizi. Potsiriza anafika ku Kasama, natula zida ku Abercorn, kumene tsopano ndi Mbala, pa 25 November 1918, ali ndi Ajeremani 155 ndi askari 1,168.

Mabuku a Azungu amamtama kuti sanagwidwe konse. Koma pophunzitsa mbiriyi ana amvenso za amtengatenga a mbali zonse ziwiri, amene anafera m'njira miyandamiyanda ndi njala ndi nthenda, ndi za midzi imene inalandidwa nkhokwe. Ulemu wa kazembe unalipidwa ndi anthu osalembedwa maina.

Masiku a ukalamba wace anamtonthoza ndi anthu amene anaiona nkhondoyo ndi maso ao, abwenzi ndi adani omwe. Mu 1929 anaitanidwa ku London ku phwando la asilikari akale a nkhondo ya ku East Africa, nadyera pamodzi ndi Jan Smuts, yemwe kale anali kumsaka m'thengo. Ubwenzi wao unalimba. Itatha nkhondo yaciwiri, ana ace amuna awiri atafera kunkhondo, iyenso ali mu usiwa, Smuts anali mmodzi wa iwo amene anamtumizira mitolo ya cakudya.

Mu 1953, ali nkhalamba ya zaka zoposa 80, anabwerera ku Africa. Ku Dar es Salaam anamcingamira askari ace akale, imvi ziri mbuu, namuimbira nyimbo imene anali kuguba nayo zaka 35 zapitazo. Njala imene anagona nayo pamodzi m'nkhalango za Rovuma sakadatha kuifotokozera munthu wina, koma iwo okhaokha.

Anamwalira ku Hamburg pa 9 March 1964. Caka comweco boma la West Germany linapereka ndarama kwa askari otsala amoyo. Amasimba kuti ku Mwanza ambiri anabwera opanda kalata ya umboni. Tsono yense anapatsidwa tsace m'malo mwa mfuti, nauzidwa malamulo a perete m'Cijeremani, ndipo manja a nkhalambazo anali asanaiwale.