Denis Burkitt, dokotala amene analondola khansa ya ana mpaka ku Nyasaland

Mwana akatupa nsagwada kapena mimba mofulumira, madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre amaganizira za Burkitt lymphoma, imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana m'Malawi. Nthendayi inatenga dzina la Denis Burkitt, dokotala wa maopaleshoni amene anabadwira ku Enniskillen, ku Ireland, mu 1911.

Ali ndi zaka 11, Burkitt anavulala mpaka diso limodzi kufa, komabe anaphunzira udokotala ku Trinity College, Dublin, ndipo mu 1946 anayamba ntchito ku Uganda. Mu 1957, pa chipatala cha Mulago ku Kampala, anaona mwana wotupa nsagwada, posakhalitsa n'kuonanso wina. Atasanthula mabuku a odwala, anazindikira kuti zotupa za m'nsagwada ndi za m'mimba zinali nthenda imodzi. Analemba za izi mu 1958.

Mu 1961, iye ndi madokotala anzake awiri anayenda pa galimoto makilomita pafupifupi 16,000, nayendera zipatala zoposa 50, kuphatikizapo za ku Nyasaland. Anapeza kuti nthendayi imafala m'madera otsika, otentha ndi achinyezi, koma imasowa kumapiri kozizira. Pambuyo pake zinaoneka kuti malire ake akutsata malire a malungo. N'chifukwa chake nkhaniyi imakhudza kwambiri makolo a m'madera otsika ndi otentha monga Chifunga m'boma la Neno.

Zidutswa za zotupa zimene Burkitt ankatumiza ku London zinathandiza Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong kupeza kachilombo ka Epstein-Barr mu 1964. Mu 1976, akatswiri opima makromozomu, timitolo ta malangizo a chibadwa ta m'selo, anaonetsa kuti m'maselo a khansayi kachidutswa ka kromozomu 8 kamasamukira pa kromozomu 14. Kusamukaku kumachititsa jini yotchedwa MYC kugwira ntchito mosalekeza, choncho maselo amachulukana osapuma.

Burkitt anaonetsanso kuti mankhwala monga cyclophosphamide amatha kuphwetsa zotupazi m'masiku ochepa. Anamwalira ku England pa 23 March 1993. Khansayi imakula msanga, koma mwana akafika msanga kuchipatala mwayi wochira umakhalapo.