Bambo Antonio Vivaldi, Wansembe wa Tsitsi Lofiira

Anzanga amene tinkaimba m'kwaya ya sukulu, ena a ife tidamvapo pa wailesi nyimbo zotchedwa The Four Seasons osadziwa kuti mwini wake anali wansembe, ndiponso mphunzitsi ngati aja ankatisunga m'tchalitchi mpaka belu la chakudya chamadzulo kulira.

Bambo Antonio Vivaldi adabadwa pa 4 Malichi 1678 mu mzinda wa Venice, ku Italy. Bambo awo owabereka anali ometa anthu, koma pambuyo pake adayamba kuimba vayolini m'tchalitchi chachikulu cha San Marco. Vayolini ndi choimbira chokwecha ngati kaligo, kungoti chili ndi nsambo zinayi. Antonio adaphunzira luso limeneli kwa bambo akewo.

Adadzozedwa unsembe m'chaka cha 1703 ali ndi zaka 25, ndipo chifukwa cha tsitsi lawo anthu ankawatcha wansembe wofiira. Koma sadakhalitse pa guwa. Anali ndi nthenda ya m'chifuwa, yomwe ambiri amati inali mphumu, mwakuti posakhalitsa adaleka kutsogolera Misa, ngakhale unsembe sadausiye.

M'chaka chomwecho adalembedwa ntchito yophunzitsa vayolini pa Ospedale della Pietà, nyumba yolereramo ana amasiye ndi otayidwa. Anyamata ankaphunzitsidwa ntchito zamanja, pamene atsikana aluso ankaphunzira kuimba. Apa ndi pamene ine ndimawalemekezera Bambowa. Mwa nyimbo pafupifupi 500 za mtundu wa concerto zimene adapeka, zambiri adapekera ophunzira awo omwewa, ana opanda ngakhale dzina la bambo. Mtsikana mmodzi, Anna Maria, adamupekera nyimbo zoposa 20 ndipo adadzakhala mphunzitsi pomwepo. Atsikanawo ankaimba ali m'mwamba m'tchalitchi, kuseri kwa zitsulo zotchinga, koma alendo ochokera m'maiko ena a ku Ulaya ankadzaza mipando kudzawamvera.

Musaganize kuti ntchito yawo inali yokhazikika. Chaka ndi chaka komiti yoyendetsa nyumbayo inkaponya voti kuti mphunzitsi apitirize kapena ayi, ndipo mu 1709 Bambo Vivaldi adagonja. Adabwezedwa pa ntchito mu 1711, chaka chimene buku lawo la L'estro armonico lidasindikizidwa ku Amsterdam n'kuwatchukitsa mpaka Johann Sebastian Bach wa ku Germany kumakopera nyimbo zawo kuti aphunzirepo. Ife ogwira ntchito m'boma tikudziwa kuti komiti simachedwa kukumbukira munthu akayamba kutchuka kunja. Kuyambira 1723 adagwirizana kuti azipekera atsikanawo nyimbo ziwiri mwezi uliwonse, ndipo akakhala pa ulendo ankazitumiza pa positi.

Sanali munthu wopanda chilema. Ankakonda kupeka nyimbo za zisudzo, ndipo ankayenda ndi woimba wamkazi, Anna Girò, zimene zidautsa mphekesera. Mu 1737 Kadinala Ruffo adawaletsa kulowa mu mzinda wa Ferrara, ndipo adataya ndalama zambiri. Iwo adakana kuti panali chibwenzi.

Anthu a ku Venice atayamba kukonda nyimbo zatsopano, Bambo Vivaldi adasamukira ku Vienna mu 1740 podalira mfumu Charles VI. Mwatsoka mfumuyo idamwalira mu Okutobala chaka chomwecho. Iwonso adatsikira kuli chete kumapeto kwa Julaye 1741, ali ndi zaka 63, ali paumphawi, ndipo adaikidwa mwakachetechete.

Kwa zaka pafupifupi 200 dzina lawo lidaiwalika. Mu 1926 ansembe a chipani cha Salesian, pa sukulu yawo ina ya ku Piedmont, adafuna kugulitsa mabuku akale kuti apeze ndalama zokonzera nyumba zawo. Akatswiri atabwera kudzawona mtengo wake, adapezamo mitolo ya nyimbo zolembedwa ndi dzanja la Bambo Vivaldi. Laibulale ya ku Turin idalandira mitoloyo, ndipo mu 1939 nyimbo yawo ya Gloria, ija adapekera atsikana a ku Pietà, idamvekanso mu mzinda wa Siena.